Kalasi yadzaza, mtima wagwa: poyambira ndi apa

Aphunzitsi, mwati kalasi yanu ya Sitandade 2 ku Kawale yadzaza ndipo ntchito sikukukomeraninso. Agaweni anawo m'magulu a ana 10, gulu lililonse ndi mtsogoleri wake. Tsiku lililonse khalani pansi ndi gulu limodzi mphindi 10, muwamve akuwerenga, muwatchule mayina. Lembani m'kope aliyense amene wachoka pa maphatikizo n'kufika powerenga liwu lathunthu. Kopelo lidzakusangalatsani teremu ikamatha. Maguluwa amasokonekera atsogoleri akakhala omwewo, chifukwa ofooka amabisala kumbuyo, choncho asintheni sabata iliyonse.

Musamavutike nokha. Ku TDC (malo amene aphunzitsi amakumana ndi kusulidwa luso) ya zoni yanu pezani mnzanu wa sitandade yomweyo muzilembera limodzi masikimu, ndondomeko za zophunzitsa pa teremu. Makolo nawo aitaneni mwana akachita bwino, asamangomva za milandu yokha.