Kalata yanuyo ndi ya ku komiti, alamu anu asakutayitseni masiku

Mayi a ku Chawama, mwalemba kuti inu ndi anzanu ogulitsa pamsika mwamva pa wailesi kuti ku Nyumba ya Malamulo ya Zambia kwalowa bilu, lamulo lomwe likukonzedwa, yokhudza ziphaso zanu zogulitsira. Alamu anu akuti musonkhe ndalama iwo akapereke kalata kwa Wachiwiri kwa Pulezidenti, poti ndiye Mtsogoleri wa Ntchito za Boma m'Nyumbamo ndipo atha kuichotsa biluyo. Musasonkhe. Udindowo autchula molondola, koma khomo alakwitsa, ndipo pomwe mukudikira yankho masiku oti mulankhulepo akutha.

Muyenera kudziwa chomwe mpandowu unakhazikitsidwira. Tinautengera ku Britain. Kumeneko kwa zaka zambiri nduna yaikulu, ikakhala phungu wa House of Commons, inkayendetsa yokha ndandanda ya zokambirana, mpaka mu 1942, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati, nduna yaikulu Winston Churchill anasiyira ntchitoyi nduna ina, Stafford Cripps. Chiyambire pamenepo imakhala m'manja mwa nduna ina. Kwathu kuno Pulezidenti sakhala m'Nyumba ya Malamulo, choncho pamafunika womuyimirira. M'nthawi ya chipani chimodzi, kuyambira 1973 mpaka 1991, womuyimirirayo anali nduna yaikulu: woyamba Mainza Chona, womaliza Malimba Masheke. Zipani zambiri zitabwerera mu 1991 mpando wa nduna yaikulu unathetsedwa, ntchito n'kupita kwa Wachiwiri kwa Pulezidenti, amene panthawiyo anali Levy Mwanawasa. Malamulo aakulu a dziko atasinthidwa mu 2016, ndime 74 inanena mosabisa kuti mtsogoleriyu akhale Wachiwiri kwa Pulezidenti. Inonge Wina anagwira ntchitoyi, kenako Mutale Nalumango kuchokera mu 2021.

Ntchito ya mtsogoleriyu ndi ya ndandanda: nkhani ya boma iti ilowe liti, Nyumba ipume liti, ndi kuyankha mafunso a aphungu Lachisanu. Sindikunena kuti alibe mawu. Amakhala mu kabineti, ndipo boma likafuna limatha kubweza bilu kapena kuiimika. Koma palibe lamulo lomukakamiza kuwerenga kalata yanu ndime ndi ndime, kapena kukuitanani kuti akumveni. Imeneyo ndi ntchito ya komiti.

Apa ndi pomwe ndaona magulu ambiri akugwa, ena okhala ndi mfundo zabwino kuposa za maloya. Bilu ikawerengedwa koyamba, Sipikala amaitumiza ku komiti ya aphungu, n'kutchula tsiku loti komitiyo ibweretse lipoti. Nthawi zambiri pamakhala masabata ochepa chabe. M'masabata amenewo ofesi ya Kalaliki wa Nyumba ya Malamulo imaitana anthu kupereka maganizo, ndipo ndime 89 ya malamulo aakulu a dziko imalamula Nyumbayi kutsegulira anthu mpata wotere. Lipoti likangolowa, aphungu amakambirana za biluyo atagwira lipotilo m'manja, ndipo chomwe simunanene mulibe. Zimandinyong'onya kuti chidziwitsocho chimangotuluka m'nyuzipepala ndi pa intaneti, ngati kuti mayi wodzuka m'mamawa kukapikula tomato kumsika wa Soweto ali ndi nthawi yofufuza masamba a mkati. Koma dandaulo limeneli siliwonjezera tsiku ngakhale limodzi.

Gulu lina linabwera kwa ine ndi faelo yonenepa: mayina ndi zidindo za zala masamba ambirimbiri, makalata opita kwa akuluakulu osiyanasiyana, chithunzi cha tsiku lomwe anakapereka. Nditafunsa kopi yokhala ndi chidindo cha ofesi ya Kalaliki, anayang'anana. Komiti inali itapereka kale lipoti sabata yapitayo.

Ndipo apa mpando womwe alamu anu akuudalira ukhoza kukuthamangitsani m'malo mokupulumutsani. Nyumba ikayandikira kupuma, Mtsogoleri wa Ntchito za Boma ndiye amapempha aphungu kuti malamulo ena a kayendetsedwe ka Nyumba ayambe aimikidwa, kuti zotsala pa ndandanda zithe tsiku lomwelo. Aphungu akavomera, bilu yomwe mumaganiza kuti ili kutali imatha kudutsa masitepe otsala madzulo amodzi. Zikatero kwatsala Pulezidenti yekha, amene ndime 66 ya malamulo aakulu a dziko imamupatsa masiku 21 kuti asaine kapena aibweze.

Mwafunsanso ngati mungathamangire kukhoti. Ndingakunamizeni nditati njirayo ndi yoyera. Mu 2019 Law Association of Zambia ndi Chapter One Foundation anakasuma kukhoti loona za malamulo aakulu a dziko pofuna kuletsa Bilu 10, yomwe inkafuna kusintha malamulo aakuluwo, koma khoti linati lilibe mphamvu yoweruza zomwe zili m'bilu isanakhale lamulo. Biluyo inadzagwa mu Okutobala 2020 m'Nyumba momwemo, italephera kupeza mavoti a magawo awiri mwa atatu a aphungu. Mu 2025 khoti lomweli linalowererapo pa Bilu 7 pa nkhani yosafunsa anthu mokwanira, koma kumenekonso kunali kusintha malamulo aakulu a dziko, ndipo sindingakulonjezeni kuti chigamulocho chingatambasukire mpaka pa bilu wamba ya ziphaso. Ikadzakhala lamulo mwina mpata wosuma ungapezeke, ngati pali ndime yomwe ikuphwanya ufulu wanu, koma ndi ulendo wautali ndi wodula. Kukhoti kumenekonso funso lidzabwera: nanga komiti itaitana anthu, inu munali kuti?

Choncho mawa lomwe pitani ku ofesi ya phungu wanu m'dera mwanu, kapena tsegulani tsamba la Nyumba ya Malamulo pa foni, mupeze nambala ya biluyo, chaka chake, komiti yomwe yaipatsidwa ndi tsiku lomaliza kulandira maganizo. Werengani biluyo yeniyeni, osati za pa WhatsApp. Lembani masamba awiri basi: ndinu ndani, ndime iti ikukupwetekani, ikukupwetekani motani m'makwacha enieni omwe mumalipira, ndi mawu omwe mukufuna alowe m'malo mwake. "Tikukana bilu yonse" sapita nayo patali. Komiti imagwira ndime. Kalatayo ipite kwa Kalaliki wa Nyumba ya Malamulo ku Manda Hill, makope awiri, imodzi adinde tsiku ibwerere nanu. Onjezani mzere wopempha kudzalankhula pamaso pa komiti. Akhoza kukuitanani kapena ayi, koma akakuitanani nenani zoona zokhazokha, chifukwa kunamiza komiti ndi mlandu. Kopi ina mupatse phungu wanu, poti iye angathe kupempha kusintha ndime Nyumba yonse ikamadutsa m'biluyo, kapena kufunsa Wachiwiri kwa Pulezidenti Lachisanu.

Mukapeza kuti tsiku ladutsa kale, perekanibe kalatayo, kenako konzani pempho pansi pa ndime 88 ya malamulo aakulu a dziko, yomwe imalola nzika kupempha Nyumba ya Malamulo kusintha kapena kufafaniza lamulo. Limayenda pang'onopang'ono, ndipo zotsatira zake sindingazilosere. Ngati ena asonkha kale, alamu anu abweze. Chofunika apa ndi ndalama ya fotokope ndi ya basi yofika ku Manda Hill.