Funsani Ankolo: Galimoto yafika koma phewa lathyoka, ndiyambe kuyendetsa?

Ankolo,

Ndine bambo wa zaka 34, ndimakhala pa Kasungu boma, ndimapanga geni ya soya ndi mtedza. Zaka zinayi ndakhala ndikusunga ndalama chifukwa cha galimoto imodzi basi, Toyota 86, yofiira, ya zitseko ziwiri, ya manyuwo. Ndinaitanitsa ku Japan, inatsikira ku Dar es Salaam nkulowera pa Songwe, ndiye tamvani tsoka lake, kutatsala masiku anayi kuti ifike ndinagwa pa njinga. Ndimakonda kupalasa Loweruka mmamawa kulowera njira ya ku Mtunthama, tsikulo mbuzi inangotumphuka patchire nkundidutsa kutsogolo, ine kugwira buleki ya kutsogolo mwamphamvu njinga nkundiponya, ndinafikira phewa la kumanja. Kuchipatala anajambula nkupeza kuti fupa lija lochokera mmunsi mwa khosi kupita paphewa lathyoka, opaleshoni sanapange angondipatsa kansalu kokolekera mkono.

Pano patha masabata atatu. Galimoto ili pabwalo yofunditsidwa, madzulo ndimalowamo nkuliza injini, kumvera kaye, nkutulukamo, anzanga akundiseka ati ndagula wailesi ya mamiliyoni. Ululu wachepa ndithu. Kodi sindingayambe kuyendetsa pangonopangono poti giya ndimasintha ndi mkono wa kumanzere umene uli bhobho? Chikundivuta ndi lamba, akudutsa penipeni pothyokapo, ndiye ndimaganiza zomudutsitsa kukhwapa. Komanso madamu akuti njinga ndigulitse, ati ndakula. Ndithandizeni.

Wosowa mtendere, Kasungu

*

Mphwanga,

Choyamba pepa ndi ngoziyo, chachiwiri zikomo pogula galimoto yoti nafenso ankolo tikamaiona pamsewu tizitembenuza khosi. Koma yankho ndi ayi. Masabata atatu usayendetse, ngakhale kuzungulira nyumba kokha.

Ukuti ululu wachepa, inde umachepa, koma ululu ndi wabodza pa nkhani ya mafupa, umathawa msanga fupa lisanagwirane. Fupa limenelo kwa munthu wamkulu limatenga masabata 6 mpaka 8 kuti lilumikizane, ena mpaka 12, ndipo mphamvu za phewa zimabwerera mochedwerapo kuposa apo. Pa sabata yachitatu chimene chili pothyokapo ndi kanthu kofewa kongoyamba kumata mbali ziwirizo, zili ngati simenti ya dzulo, pamwamba yaoneka youma koma ponda uone. Iwe wa geni umadziwa kuti soya wosauma sapita pa sikelo.

Tsono tiwerenge manja. Galimoto zathu chiwongolero chili kumanja, giya kumanzere. Nthawi iliyonse imene dzanja la kumanzere lapita pa giya, ndani watsala yekha ndi chiwongolero? Ndi mkono wothyokawo. Ndiye ganiza uli pakati pa tauni pafupi ndi depoti, wakabaza wanyamula mayi ndi thumba la chimanga wakhotera kutsogolo kwako osayangana, iwe uli pakati posintha giya, ukuyenera kupotoza chiwongolero mwadzidzidzi ndi mkono umene panopa sungathe kuvalira malaya wekha. Apo sipafunika kulimba mtima, mkono umangokana basi. Ndipo ikachitika ngozi apolisi nkukupeza ndi kansalu pakhosi, ku inshuwalansi nkhani yako ikhoza kuvuta kwambiri.

Za lamba wa kukhwapa zija iwala, ndipo aliyense amene akuwerenga pano amene amachita zimenezi asiye. Lamba anamukonza kuti adutse paphewa ndi pachifuwa, nkumanga mchiuno, chifukwa mmenemo ndi mmene muli mafupa olimba. Ukamuika kukhwapa, pa ngozi amakanikiza nthiti ndi zammimba, mutu nkupita kutsogolo kukakumana ndi chiwongolero. Ngati lamba akupweteka pothyokapo, ameneyo akukuuza zoona kuti mpando umenewo sunafike poukhala. Tsiku loyendetsa ndi limene dokotala wajambulanso nkuona kuti fupa lagwira, kansalu wakuvula, ukutha kuzunguza chiwongolero mbali zonse ndi manja awiri osakukuta mano, komanso wasiya mankhwala aja ogonetsa monga tramadol ngati anakupatsa.

Koma taona chinthu china chimene sunachiganize. Mpando wa kumanzere lamba wake amadutsa phewa la kumanzere, lomwe ndi labwinobwino. Ndiye dokotala akalola zoyendayenda, peza munthu mmodzi wamutu wake, wodziwa kilatchi, osati anzako a wailesi aja, madamu ngati ali ndi laisensi ndiye bwino kwambiri mwina nkhani ya njinga ingafewe, akuyendetse mu M1 kulowera ku Chinkhoma nkubwerera, modekha. Galimoto nayo ipindula, chifukwa zomangoliza injini mphindi zisanu ili chiimire zija batire silidzadza mokwanira ndipo injini sitentha bwino, bola kuyenda kamodzi pa sabata ulendo wa theka la ola.

Nthawi yodikirayi uiphunzire galimoto yako, chifukwa si Corolla imeneyo. 86 inatuluka mu 2012, Toyota anaipanga mogwirizana ndi Subaru, injini yake ndi ya Subaru ya malita 2, ija ma pistoni ake amagona chammbali, ndiye usapite nayo kwa makaniko aliyense wa pansi pa mtengo wa mango, funsa amene anagwirapo ma Subaru. Imakankha ndi matayala a mmbuyo, kutanthauza kuti pa msewu wa fumbi kapena mvula ikangoyamba, ukaponda moto pokhota matako ake amathawira kumbali, zimene pa YouTube zimasangalatsa koma pa msewu wa ku Chamama zimathera mmunda mwa eni. Pansi pake ndi pafupi, masentimita 13 okha kuchokera pa dothi, botolo la Fanta loimika silingalowe. Mahampu uziwakwera mopingasa, tayala limodzi kaye, pangonopangono ngati nkhalamba ikukwera masitepe a kutchalitchi, ndipo maenje uziwaopa chifukwa matayala ake ndi opyapyala, dzenje limodzi limatha kupinda limu. Tsegula ku buti uone ngati muli sipeya, galimoto zambiri za ku Japan masiku ano zimabwera ndi kabotolo komatira tayala basi. Maloto opita nayo ku Lifupa kukaona njovu, bwereka ya mnzako yaitali. Walira mvula walira matope mphwanga. Mapepala akenso, COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu) ndi inshuwalansi, amenewo ndiye ungayendetse ndi mkono umodzi, malizitsa panopa.

Za fupalo, chita zimene anakuuza kuchipatala ndipo tsiku la cheki usalumphe. Zala, dzanja ndi chigongono uzizigwedeza tsiku lililonse kuti zisaume, koma zokweza mkono pamwamba pa mutu kapena kunyamula thumba la soya dikira a fizo, aja ophunzitsa mafizo kuchipatala, akuuze. Idya usipa ndi matemba pamodzi ndi minga yake, mazira, nyemba, mkaka kapena chambiko, ndiwo zamasamba. Ndikudziwa ku Kasungu fodya ndi amene anamanga nyumba zambiri, koma ngati umasuta dziwa kuti amachedwetsa fupa kugwirana, siya ngakhale miyezi iwiri yokha. Pamalopo pakatuluka kachibulu kolimba usadabwe, ndi mmene fupa limadzimatira, ambiri kamatsala mpaka kalekale. Koma zala zikachita dzanzi, mkono kuzizira kapena kufooka, fupa kumaoneka ngati likufuna kuboola khungu, kapena mpweya kubanika, usadikire tsiku la cheki thamanga tsiku lomwelo.

Njinga usagulitse, madamu andikhululukire. Zaka 34 si kukula, ndipo munthu woti wayamba kukhala mu galimoto ndiye amafunika kupalasa kwambiri, apo ayi mimba idzayamba kugunda chiwongolero, 86 yo ndi yothina kale. Koma kubwerera panjira dikira miyezi ngati itatu dokotala atavomera, chifukwa kugweranso pomwepo fupa lisanakhwime ndiye opaleshoni ija unaizemba ikupeza. Sunatchule za chipewa, ndiye ndikukayika kuti unalibe. Gula helemeti, ndipo ngati unali nayo nkumenyetsa pansi, imeneyo yatha ntchito ngakhale ikuoneka yabwino kunja. Uphunzirenso kugwira mabuleki onse awiri nkukankhira thupi mmbuyo, mbuzi za ku Mtunthama sizinathe.

Chinanso, iwe tsopano ukudziwa mmene phula limapwetekera. Ukadzayamba kuyendetsa, anthu a njinga aja amene amanyamula makala ndi nkhuni mmbali mwa M1 udzawasiyire malo okwanira, osawaimbira hutala uli pamsana pawo, munthu wodzidzimuka amakhotera kumene sukuyembekeza.

Ukachira undilembere. Ndimadutsa ku Kasungu pafupipafupi, udzandinyamule mpaka pa Santhe, koma mpando wa kutsogolo, chifukwa kumbuyo kwa 86 ngakhale mwana wa Sitandade 5 amadandaula mawondo.

Ankolo