Wotchi ya malemu bambo ikonzeni m'kati, kunja kukhale momwemo

Achemwali, mwati wotchi ya Omega imene malemu bambo ankavala kuyambira m'ma 1960 yaima, galasi lake lakandika, ndipo mukufunsa ngati kuli bwino kuikonzetsa kapena kungogula ina yofanana nayo. Ine ndikuti ikonzetseni. Yofanana nayo mungaipeze, koma siikhala imene inagona pamkono wa bambo zaka zonse zija.

Wotchi yopanda batire ikaima, kawirikawiri sikuti yafa. M'kati muli timawilo ndi sipuling'i zoyendera timadontho ta mafuta, ndipo mafutawo amauma. A Omega eni ake amati wotchi zawo zizionedwa ndi mmisiri pakatha zaka 5 mpaka 8 zilizonse, ndiye taganizani kuti ya bamboyo yatha zaka zingati osatsegulidwa. Mmisiri wodziwa amaphwasula makina onse, kutsuka kachitsulo kalikonse, kuthira mafuta atsopano ndi kusintha timphira totchinga madzi. Pakali pano lekani kuipotokola kapena kuigwedeza kuti iyende, chifukwa zitsulo zouma zikamakhulana zimadyana.

Pamene mtima wanga uli ndi apa. Amisiri ambiri, ngakhale a kukampani yopanga wotchiyo, amafuna kukubwezerani chinthu chowala ngati chatsopano. Amapala chitsulo chakunja kuti zipsera zithe, amachotsa mbale ya manambala yofwifwa ndi mivi yakale n'kuikamo zatsopano. Kupalako kumadya chitsulo, ndipo chimene chadyedwa sichibwereranso. Kachipsera ka m'mbali kaja, mwina bambo anagunda nayo pachitseko atakunyamulani inu muli khanda. Ngati kumbuyo kuli dzina lozokotedwa, likhoza kufufutika nalo. Ngakhale ogula wotchi zakale amalipira zambiri pa yosapalidwa, ya mbale yake yoyambirira. Galasi lokha musadandaule nalo: ambiri a nthawi imeneyo ndi apulasitiki, amasalala akawapukuta, ndipo kulisintha sikuchotsa kanthu.

Musanaipereke, ijambuleni mbali zonse. Mugwirizane polemba kuti asapale, asasinthe mbale kapena mivi musanavomere, ndiponso kuti kalikonse kamene achotse akubwezereni. Funsani zimenezi poyamba, chifukwa makampani ena sabweza zida zakale. Wokonzayo akhale woti anazolowera wotchi zakale zoyendera sipuling'i, osati wongosintha mabatire, ndipo akuuzeni mtengo ntchito isanayambe. Akatsegula, muwapemphe akujambulireni nambala yolembedwa pamakina. Imeneyo imathandiza kudziwa zaka zimene wotchiyo inapangidwa.

Chonde inu musayese kuitsegula nokha. Mpaka chakumayambiriro kwa m'ma 1960, utoto wowala mumdima wa pa mivi unkakhala ndi radium, mankhwala otulutsa cheza chowononga thupi, ndipo fumbi lake ndi loopsa mukalipuma. Mukaona chilembo T m'mbali mwa mawu oti Swiss Made pa mbale ya manambala, ndiye kuti anagwiritsa tritium, imene inalowa m'malo mwake.

Ndalama zikavuta panopa, palibe chothamangira. Ikulungeni m'kansalu kofewa, muisunge pouma, kutali ndi maginito a m'masipika. Ikadzakonzedwa muziivala ndithu, koma pochapa ndi posamba muziivula, chifukwa ya zaka zoterezi madzi siingalimbane nawo ngakhale timphira tikhale tatsopano. Ana anu akadzafunsa za kachipsera kaja, padzakhale poti muwalozere.