LLM ya malamulo a malonda odutsa malire: yankho kwa loya amene wandilembera

Mayi wina amene ndi loya, ndipo wakhala akulembera makampani makontrakiti kwa zaka zingapo, wanditumizira imelo. Mwachidule akufunsa kuti: "Ndikufuna kukachita digiri ya LLM (masters ya malamulo). Mayunivesite ena akuti ndi ya malamulo a malonda a pakati pa mayiko, ena akuti ndi yoyerekeza malamulo a mayiko osiyanasiyana. Kodi ndi chinthu chimodzi? Ndisankhe bwanji? Nanga ndikamaliza ndingakagwire ntchito ya uloya m'dziko lililonse?"

Achemwali, zikomo pondilembera. Ndiyamba ndi funso lanu lomaliza chifukwa ndi limene limakhumudwitsa anthu ambiri atawononga kale ndalama. Yankho lake ndi ayi. LLM si chiphaso cha uloya. Dziko lililonse lili ndi khomo lakelake. Ku England, kuyambira 2021, munthu wofuna kukhala loya wa mtundu wa solicitor amadzera pa mayeso a SQE. Ku New York amalola ena amene anaphunzira malamulo kunja kulemba mayeso a uloya akachita LLM ku America, koma amayamba aunika digiri yawo yoyamba ndi maphunziro amene anatenga. Ngati cholinga chanu n'kukaimirira m'khothi la dziko lina, werengani kaye malamulo a bungwe la maloya la kumeneko musanalipire kalikonse ku yunivesite.

Tsono digiriyi phindu lake n'chiyani? Ndikuonetseni ndi mlandu umodzi wakale umene ophunzira a malamulo a malonda saulumpha.

Mu 1956 kampani ina inagulitsa mtedza wa ku Sudan, woti ukafike ku Hamburg. Onse awiri, wogula ndi wogulitsa, ankayembekezera kuti sitima idzera pa ngalande ya Suez, ngakhale kontrakiti sinatchule njira. Mu Novembala chaka chomwecho ngalandeyo inatsekedwa chifukwa cha nkhondo. Njira yotsala inali yozungulira Africa yense kudzera ku Cape of Good Hope, ndipo mtengo wonyamulira katundu unakwera pafupifupi kawiri. Wogulitsa anakana kutumiza mtedzawo, nati kontrakiti yafa. Mlanduwu, wa Tsakiroglou ndi Noblee Thorl, unafika ku House of Lords ku London, khothi lalikulu la kumeneko pa nthawiyo, ndipo oweruza anati ayi, kontrakiti ili moyo. Njira inalipo, kungoti inali yodula, ndipo kudula kokha sikumasula munthu ku lonjezo lake.

Tsopano tengani vuto la mtundu womwewo mulipititse ku France lero. Kuyambira 2016, ndime 1195 ya buku lawo la malamulo, Code civil, imalola munthu amene zinthu zamusinthira mosayembekezereka, mpaka kukwaniritsa kontrakiti kwakhala kolemetsa kopitirira muyeso, kupempha mnzake kuti akambiranenso. Akalephera kumvana, woweruza angathe kusintha kontrakitiyo kapena kuithetsa. Ku Germany ndime 313 ya buku lawo la malamulo, BGB, ili ndi ganizo lofananako. Sindikunena kuti wogulitsa mtedza uja akanapambana kumeneko. Ndikunena kuti loya wa ku Paris kapena wa ku Frankfurt amakhala pa tebulo akudziwa kuti khomolo lilipo, pamene wa ku London amadziwa kuti chimene sanalembe m'kontrakiti, kawirikawiri woweruza sadzamulembera. N'chifukwa chake makontrakiti a ku England amatalika masamba ambirimbiri, pamene a ku Germany amatha kufupika poti zambiri zili kale m'buku la malamulo.

Apa ndiye pagona kuyerekeza malamulo. Sikuloweza ndime za mayiko khumi ayi. Ndi kudziwa mmene loya wa mbali inayo akuganizira, chimene akuchiona ngati chodziwikiratu ndi chimene chikumuopsa. Chitsanzo china chachidule: mu 1992, pa mlandu wa Walford ndi Miles, khothi lalikulu la ku England linakana zoti munthu angakakamizidwe kukambirana malonda mokhulupirika. Ku Germany, munthu amene wapangitsa mnzake kukhulupirira kuti mgwirizano watheka, kenako n'kuchoka popanda chifukwa chomveka, akhoza kulipitsidwa chipukuta misozi ngakhale asanasaine kanthu. Kasitomala wanu akamapita kokambirana, ayenera kudziwa kuti waima pa nthaka iti.

Mbali inayo, ya malonda odutsa malire, imayang'ana zida zimene mayiko ndi amalonda anapanga kuti kusiyanaku kusaimitse malonda. Pali pangano la ku Vienna la 1980 lokhudza kugulitsana katundu pakati pa mayiko, lodziwika kuti CISG. Mayiko oposa 90 analowamo, kuphatikizapo America, China, Germany ndi Japan, koma United Kingdom ndi India sanalowemo. Panganoli limagwira ntchito lokha ngati mbali ziwirizo zili m'mayiko amene analowamo, pokhapokha kontrakiti italikana. Loya amene walemba kuti "malamulo a ku Germany ndiwo adzagwire ntchito" akhoza kukhala atasankha CISG osadziwa, chifukwa panganolo ndi gawo la malamulo a ku Germany. Palinso ma Incoterms a bungwe la amalonda la ICC (International Chamber of Commerce) la ku Paris, amene anayamba mu 1936 ndipo anakonzedwa komaliza mu 2020: zilembo zitatu zokha, monga FOB kapena CIF, zimanena amene alipire sitima ndi inshuwalansi, ndi pamene ngozi ya katundu yachoka kwa wogulitsa kupita kwa wogula. Ndipo mabanki akamalipira kudzera pa letter of credit (kalata imene banki imalonjeza kulipira wogulitsa) amatsata malamulo otchedwa UCP 600, pomwe banki imayang'ana mapepala, osati katunduyo.

Choncho kuyerekeza malamulo ndi malamulo a malonda odutsa malire si chinthu chimodzi, koma pulogalamu yabwino imakhala nazo zonse. Dzina la digiri lisakusokonezeni. Tsegulani ndandanda wa maphunziro ake.

Mukatsegula, funani kaye phunziro la conflict of laws, limene ena amati private international law. Ine ndimaona kuti pulogalamu yopanda phunziro limeneli siyenera ndalama zanu, ngakhale yunivesiteyo itakhala yotchuka chotani. Ndilo limayankha mafunso atatu amene mlandu uliwonse wodutsa malire umayambira: tigwiritse malamulo a dziko liti, tikaweruzidwe kuti, ndipo tikapambana chigamulocho tikachigwiritsa ntchito bwanji kumene kuli chuma cha wotsutsana naye. Funso lachitatuli ndi limene achinyamata amaliiwala. Kupambana mlandu m'khothi la kwanu pamene katundu yense wa mnzanuyo ali tsidya la nyanja kuli ngati kukhala ndi kiyi wa nyumba imene simungathe kukafikako.

Ichi n'chifukwa chake arbitration yatenga malo aakulu chotere m'maphunzirowa. Mbali ziwiri zimagwirizana kuti mkangano wawo ukaweruzidwe ndi anthu amene zasankha zokha, nthawi zambiri pansi pa bungwe monga ICC, LCIA ya ku London kapena SIAC ya ku Singapore. Mphamvu yake ikuchokera ku pangano la ku New York la 1958, limene mayiko oposa 170 analowamo, nalonjeza kulemekeza zigamulo zotere zochokera kunja, kupatula pa zifukwa zochepa zimene panganolo linatchula. Zigamulo za makhothi wamba zilibe njira yotakata chonchi. Pangano la ku The Hague la 2019 lofuna kutsegula njirayo linangoyamba kugwira ntchito mu 2023, ndipo mayiko ake akadali ochepa.

Za malo ophunzirira sindichulukitsa. Queen Mary ku London ndi yodziwika pa malamulo a malonda, ku Geneva kuli pulogalamu ya MIDS yongoyang'ana kuthetsa mikangano ya pakati pa mayiko, McGill ku Montreal imaphunzitsa common law (malamulo a mtundu wa ku England) ndi civil law (a mtundu wa ku France ndi ku Germany) limodzi, ndipo National University of Singapore ili pakati penipeni pa malonda a ku Asia. Ganizo langa ndi lakuti, ngati munakulira m'malamulo a common law, pitani kumene akakuphunzitseni civil law mozama, ndipo ngati munakulira mu civil law chitani mosemphanitsa. Kubwereza zimene mukudziwa kale pa yunivesite yodula sikukuwonjezerani zambiri. Funsaninso ngati aphunzitsi ake amagwiradi milandu, komanso ngati ophunzira a LLM amaloledwa kulowa mpikisano wa Vis Moot ku Vienna kapena ku Hong Kong, kumene mlandu woyeserera umakhala wa CISG ndi arbitration. Miyezi imene munthu amathera pokonzekera mpikisanowu imamuphunzitsa kulemba ndi kuyankha mafunso a oweruza kuposa kalasi iliyonse.

Chinthu chimodzi chimene simunafunse koma ndikupemphani muchiganizire ndi chilankhulo chachiwiri. Mayiko 17 a mu Africa, ambiri olankhula Chifalansa, ali ndi malamulo amodzi a malonda pansi pa bungwe la OHADA limene linakhazikitsidwa mu 1993, ndipo khothi lawo lalikulu lili ku Abidjan. Loya amene angawerenge yekha zigamulo za kumeneko, kapena za ku Germany, kapena za ku Brazil, osadikira womasulira, ndi amene makampani amamuitana.

LLM yambiri imatenga chaka chimodzi, ndipo chakacho chimathamanga. Musapite mulibe funso lanu. Tengani makontrakiti amene mwalemba kale okhala ndi mbali ya kunja, muwerenge ndime zakumapeto zija zosankha malamulo ndi malo oweruzira, mudzifunse chifukwa chake zinalembedwa choncho ndi chimene chikanachitika mgwirizanowo ukanasokonekera. Pamene mwakakamira osapeza yankho, pamenepo ndi poyambira kalata yanu yofunsira malo, ndi yopempha thandizo la fizi ku Chevening, Fulbright kapena DAAD, ndiponso mutu wa kafukufuku wanu.