Watembenuka mtima ku Chichiri, ndiye atuluke msanga?

Mayi wina wa ku Bangwe wandilembera imelo. Mnyamata amene anathyola golosale yawo n'kukhapa amuna awo ndi chikwanje akugwira ukaidi ku Chichiri. Akuti kumeneko wabadwa mwatsopano, mpaka akutsogolera kwaya. Tsopano a kumpingo akuyenda ndi kalata yopempha boma kuti limutulutse msanga, ndipo akufuna mayiwo asainire nawo. Funso lawo ndi lakuti, "Kodi ndikakana ndachimwa?"

Mayi, simunachimwe ayi. Kukhululuka ndi nkhani ya mumtima mwanu, ndipo wina asakuthamangitseni nayo. Chigamulo cha khoti ndi china. Mutha kumukhululukira mnyamatayo lero lomwe, iye n'kumalizabe zaka zake.

Sindikunena kuti akunama. Anthu amasinthadi m'ndende, ndipo abusa ndi mashehe amene amakalalikira kumeneko ndimawapatsa ulemu. Koma woweruza angaone bwanji za mumtima mwa munthu? Ndende zathu ndi zothinana, moti mu 2009 khoti linanena pa mlandu wa Gable Masangano kuti kusunga anthu motero n'kuwaphwanyira ufulu. Munthu wogona chokhala usiku wonse, mukamuuza kuti ubatizo uchotsa zaka ziwiri, angakane? Mawa lake Chichiri yonse idzakhala pamzere, wolapa zenizeni ndi wonamizira yemwe, ndipo amene adzanyozeke ndi mpingo womwewo. Nanga mkaidi amene sapemphera koma wasiyiratu zoipa, iyeyo atsale? Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa kusala munthu chifukwa cha chipembedzo.

Chimene boma lingayeze ndi khalidwe looneka ndi maso, ndipo njira zake zilipo kale. Kuyambira kale mkaidi wakhalidwe labwino amachotseredwa gawo limodzi mwa magawo atatu a chilango chake. Gawo 89 la malamulo aakulu aja limapatsa mtsogoleri wa dziko mphamvu yokhululukira akaidi mothandizidwa ndi komiti yomulangiza, monga timamvera pa 6 July kapena pa Khirisimasi. Khoti litathetsa mu 2007, pa mlandu wa Kafantayeni, lamulo loti aliyense wopezeka wolakwa pa kupha munthu aziphedwa basi, akaidi ambiri anaweruzidwanso kuyambira mu 2015, ndipo oweruza ankaonanso momwe munthu wakhalira m'ndende zaka zonsezo. Ngati chikhulupiriro cha mnyamatayu ndi chenicheni, chidzaonekera pamenepo, ndipo chidzamuthandiza popanda dzina lanu pa kalata.

A kumpingo akumbukirenso Luka 23. Wachifwamba uja pamtanda anavomera kuti akulandira zoyenera zochita zake. Yesu anamulonjeza Paradaiso, koma sanamutsitse pamtandapo. Zakeyu naye sanangoti ndalapa, anati abweza kanayi zonse zomwe analanda anthu. Izi ndi zomwe ine zimandiwawa pa nkhani yanuyi: kalata ikunena za kwaya, koma za dzanja la bambo limene silipindikanso, ndi masiku onse amene munagona pansi ku chipatala cha Gulupu mukudwazika, palibe akutchula.

A kumpingowo akabweranso, alandireni bwino, koma muwafunse. Kodi mnyamatayo anavomera mlandu wake poyera? Anzake amene anali nawo usiku uja anawatchula? Anatumizapo mawu opepesa kwa bambo, iwo eni ake ovulalawo? Nanga abale ake anabwerako kudzakamba za katundu wa m'golosale? Mumve mayankho awo, mukambirane ndi bambo, ndipo ngati mtima wanu sunakonzeke, kalatayo musasainire.