Kambuku, nyalugwe kapena kakwiyo?

Mphunzitsi wina wa ku Machinga wafunsa kuti: "Ana a sukulu yanga anakaona nyama ku Liwonde. Ena alemba kuti anaona kambuku, ena nyalugwe, pomwe wowaperekeza anati ndi kakwiyo. Ndichonge liti?"

Aphunzitsi, kambuku ndi nyalugwe ndi chilombo chimodzi, maina okha ndiwo awiri. Ndi chojintcha chija, choyenda usiku, chimene chikagwira nswala chimakwera nayo mumtengo kuopa afisi. Kakwiyo ndi wina: woonda, wamiyendo italiitali, wokhala ndi mizere yakuda yochoka m'maso kutsikira kukamwa ngati misozi, ndipo amathamangitsa nyama pamtetete kukuwala. Akakwiyo anawabwezeretsa ku Liwonde mu 2017, mikango n'kutsatira mu 2018. Ngati anawo anachiona masana chili pachulu, ine ndikanakhulupirira wowaperekezayo.

Pochonga muyang'anenso mgwirizano wa mawu, chifukwa apa ndi pamene ambiri amaterereka, ngakhale olemba nkhani. Timati kambuku ali, akambuku ali. Koma mkango uli, mikango ili. Chipembere chili, zipembere zili. Njovu, mvuu ndi ng'ona sizisintha dzina zikachuluka: mvuu ili m'Shire, mvuu zili m'Shire. Mwana akalemba kuti "anjovu akumwa madzi", ndiye kuti watengera ku nthano, kumene njovu imasanduka munthu n'kumapatsidwa ulemu. Kumeneko n'zololeka, koma osati mu lipoti la ulendo.

Mayi wina wa ku Balaka akufuna kudziwa ngati n'koyenera kutcha malo onse osungirako nyama a ku Liwonde nkhalango, komanso ngati n'koyenera kulemba kuti "njobvu".

Mayi, pakamwa pa anthu dzinali linakhazikika, sitingalimbane nalo. Koma pofotokoza malowo, nkhalango ndi pamene mitengo yathithikana mpaka dzuwa kuvutika kufika pansi. Mbali yaikulu ya Liwonde ndi tchire la mitengo ya tsanya, milambe ili apo ndi apo. Kufupi ndi mtsinje kuli madambo ndi migwalangwa, kumene anakodzwe ndi njiri zimadya msipu chilimwe chikafika pachimake.

Za "njobvu" zimene mwafunsa pomaliza, ameneyo ndi kalembedwe kakale, monga "mabvuto". Malamulo a masiku ano ku Malawi amafuna "njovu".