Chitsulo chikafiira pamoto chimasanduka moto?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina. Akuti anamva zoti akhristu akale a ku Ulaya ankalakalaka kuti mzimu wawo ukhale chimodzi ndi Mulungu. Ndiye akufunsa kuti: kodi kumeneku si kudzikuza? Munthu wadothi angasanduke Mulungu?

Mayi, funso lanuli ndi lakale, ndipo linaphetsapo anthu.

Tiyambe ndi Bernard wa ku Clairvaux, mmonke wa ku France amene anamwalira mu 1153. Iyeyu anasiya maulaliki 86 pa buku la Nyimbo ya Solomo, koma imfa inamupeza atangolowa kumene chaputala 3. Pavesi la koyambirira kwa bukulo, pamene mkwatibwi akulakalaka kuti mkwati amupsompsone, anakhalitsapo zedi. Kwa iye mkwati ndi Khristu, mkwatibwi ndi mzimu wa munthu umene sukhuta ndi kumva za Mulungu pakamwa pa ena, ukufuna Mwiniwakeyo.

Pofotokoza umodziwo anatchula chitsulo chili pamoto. Ngati munaonapo wosula makasu ali pantchito, mumvetsa. Chitsulo chikakhalitsa pamakala chimafiira psuu, kuchiyang'ana ungati ndi moto weniweni. Koma chikadali chitsulo. Bernard ankati chimene chimasungunuka ndi kufuna kwa munthu, mpaka kufanana ndi kufuna kwa Mulungu, koma munthuyo satha ayi. Ankavomerezanso kuti zimenezi zimabwera mwa apo ndi apo, ndipo sizikhalitsa. Ine mawu amenewa ndi amene amandichititsa kumukhulupirira. Wodzikuza sanena choncho.

Ena anapitirira pamenepo. Mayi wina dzina lake Marguerite Porete analemba buku m'Chifalansa lonena kuti mzimu uli ngati mtsinje umene ukathira m'nyanja umataya dzina lake. Akuluakulu a mpingo anaopa kuti munthu wotere aziti safunikanso malamulo kapena masakramenti. Anamuuza kuti asiye kufalitsa bukulo, iye anakana, ndipo m'ndende anangokhala chete osawayankha. Anamutentha ku Paris pa 1 June 1310. Naye Meister Eckhart, mlaliki wa ku Germany, anazengedwa mlandu, ndipo mu 1329, iye atamwalira kale, Papa John XXII anatsutsa mfundo zake 28.

Kunena zoona, ine mwa Porete sindionamo kudzikuza. Wofuna kutaya ngakhale dzina lake akudzikuza ndi chiyani? Ndipo dzinalo linatayikadi. Buku lake linapulumuka, amonke n'kumalikopera ndi kulimasulira popanda dzina la wolemba, mpaka mu 1946 pamene Romana Guarnieri wa ku Italy anatulukira kuti mwiniwake ndi mayi uja anatenthedwa ku Paris.